Amisiri, bwanji mumamanga mbali imodzi yokha?

Amisiri inu, mundipirire, za makina zinandipita. Kuno ku Muloza bering'i timaikumbuka ikafa, chigayo chikayamba kulira mwachilendo, kapena gudumu la njinga yonyamula chimanga kuchokera ku Milange likayamba kugwedera. Munthu amazula yakufayo, kuikulunga m'pepala, ulendo wa ku Limbuli. Kumeneko mawu ndi amodzi: "Ndipatseni yofanana ndi iyi." Ikalowa, nkhani yatha. Nanga inu bwanji mukuti kulowa kokha sikokwanira?

Chandizunguza mutu ndi chitsulo chija mumati ball screw, cha m'makina a CNC, oyendetsedwa ndi kompyuta: chachitali, chamazinga, nati yake yoyenda pa timipira tachitsulo. Mwati kumbali ya mota mumaika BK, ya mabering'i awiri ophatikizana, n'kumanga ndi nati kuti chitsulocho chisasunthire kutsogolo kapena kumbuyo. Kunsonga inayo mumaika BF, ya bering'i imodzi wamba, yongochirikiza, ndipo mumaisiya dala kuti izitha kutsetsereka. Chitsulo n'chimodzi, bwanji nsonga ina muiponderere, ina muilekerere? Kumanga ponseponse sindiko kulimba?

Mwati chitsulo chikatentha chimatalika, ndipo cha mita imodzi chimawonjezera mamilimita pafupifupi 0.12 kutentha kukakwera ndi madigiri 10. Kameneko, kongofanana ndi kuchindikala kwa pepala, n'komwe kangaphe makina? Mwati inde, chikasowa kotalikira chimakankha mabering'i mpaka kuwadya, apo ayi chimapinda. Chabwino, ndamva. Komano nditangoti ndagwira, mwandiuzanso kuti pa makina othamanga kwambiri mumamanga nsonga zonse ziwiri, mutayamba mwachikoka chitsulocho. Ndiye lamulo lenileni ndi liti? Kapena limadalira kutalika kwa chitsulo, liwiro lake ndi katundu amene chikukankha?

Manambala nawo ndi mutu wina. Pa chitsulo chonenepa mamilimita 16 mumagula BK12 ndi BF12. Zonse zalembedwa 12, koma bowo la BK ndi mamilimita 12, la BF ndi 10. Anatchula mayinawa ankafuna asokonezeke ndani? Pa bering'i ya 6205 mwandiphunzitsa kuchulukitsa 05 ndi 5, bowo lake n'kukhala mamilimita 25. Ndikatero pa 6200 ndikupeza kuti ilibe bowo, chonsecho lilipo, la mamilimita 10!

Tsono ngati mabering'i awiri angalowe pa shafiti imodzi, ina yopangidwira kusenza kulemera, ina yopangidwira kukankhidwa, ndiye kuti ife takhala tikugula ndi maso okha? Ya pachigayo ikafa msanga timati girizi anachepa, kapena kuti inali yachinyengo. Bwanji sitifunsa ngati inali yoyenera malo amenewo? Ndipo wogulitsa bwanji safunsa kuti ikakhala nsonga iti, ikasenza chiyani? Iye funso lake ndi limodzi: "Mukufuna yotchipa kapena yolimba?"