Mmene mungakhalire katswiri wa zachilengedwe popanda kudetsa nsapato

Achinyamata a ku Chibanja amene mwatopa ndi kusiya makalata ofunsira ntchito pamageti a ku Luwinga osayankhidwa, tcherani khutu. Kwabwera ntchito ina ya ulemu wake, ndipo kukoma kwake n'kwakuti ngakhale bwana wokulembaniyo sadziwa bwinobwino chimene muyenera kumachita. Ndi ntchito yoonetsetsa kuti kampani ikutsata malamulo a zachilengedwe: oyilo wakutha asathiridwe m'ngalande, utsi usatsamwitse oyandikana nawo, madzi oipa asatsikire mumtsinje wa Lunyangwa. Musaope, zimenezo n'zapapepala. Chimene chikufunika kwa inu ndi satifiketi, fulemu yake, ndi msomali wolimba.

Poyamba sankhani bwino sukulu. Alipo okunamizani kuti mukalowe ku Mzuni, kumene kuli maphunziro a zachilengedwe, za nkhalango ndi za madzi. Kumeneko mukatha zaka zinayi, akakuyendetsani m'madambo ndi timabotolo totungira madzi a m'zitsime, ndipo mukatulukako mukudziwa zimene zili m'madzi amene ana anu akumwa. Munthu wodziwa zimenezo sagona tulo, ndiponso amayankha mabwana. Inu funani kosi ya masiku asanu. Lolemba mulowa ngati munthu wamba, Lachisanu mutuluka muli wofufuza wamkulu wa ISO 14001, mwajambulitsa kale chithunzi cha gulu.

Kosi yabwino sichitikira kumene kuli vuto. Ya zinyalala za mu Mzuzu iyenera kuchitikira ku Nkhata Bay kapena ku Chintheche, kumene kamphepo ka kunyanja kamathandiza munthu kuganiza mozama za fungo limene walisiya kumtunda. Chifukwa china n'chodziwika kwa aliyense amene anasainirapo alawansi: ukaphunzirira kwanu salipira malo ogona. Choncho tsiku loyamba, wophunzitsa akafunsa zimene mukuyembekezera pamaphunzirowa, lekani anzanu azitchula za mibadwo ya m'tsogolo. Inu funsani kuti envulopu ituluka liti. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Patebulo padzakhala madzi a m'mabotolo apulasitiki, awiri m'mawa, awiri masana. Imwani onse. Mukamadzakambirana m'magulu za kuchuluka kwa mapulasitiki m'dziko muno, mudzakhala mukuyankhula zimene mwachita nokha.

Zoloweza pamtima si zambiri, koma zaka musaphonye, pakuti chaka chotchulidwa molimba mtima chimatseka pakamwa munthu aliyense. Lamulo loyendetsera zachilengedwe linakhazikitsidwa mu 1996, n'kulowedwa m'malo ndi la 2017, limene linabala bungwe la MEPA. Lamulo la chitetezo, umoyo ndi chisamaliro cha anthu pantchito ndi la 1997. La madzi ndi la 2013, ndipo limafuna chilolezo musanatayire madzi a kufakitale mumtsinje. Gawo 13 la malamulo aakulu a dziko limalamula boma kusamala chilengedwe. Tchulani zonsezi mosapumira, koma zam'kati mwake musazikhudze. Makamaka mfundo ija yakuti wowononga ndiye alipire muziyinena motsitsa mawu, mwina wowonongayo ndi amene amasaina malipiro anu pakutha pa mwezi.

Tsono ISO 14001, imene ndi ndiwo ya ntchito yonseyi. Ndi muyezo wolembedwa ndi bungwe lokhala ku Geneva, unatuluka mu 1996 ndipo unakonzedwanso mu 2004 ndi mu 2015. Bungwelo silipereka satifiketi. Amapereka ndi ena amene amabwera kudzakufufuzani, mutawalipira inu nomwe. Satifiketiyo ndi ya kampani, imakhala zaka zitatu, ndipo chaka chilichonse ofufuza amadzasuzumira. Chimene ndimaukondera muyezowu n'chakuti sunena kuti muzitaya malita angati. Umafuna kuti mukhale ndi dongosolo: mukonze mapulani, muchite, muonenso, mukonzenso, ndipo chaka ndi chaka muzisonyeza kuti zinthu zikusintha. Ndiye ngati chaka chatha munathira migolo khumi ya oyilo kuseri kwa mpanda, chaka chino thirani isanu ndi inayi, mujambule mzere wotsika pakompyuta, muupake mtundu wobiriwira. Muli tsamba lina lofuna kuti kampani izitsatadi malamulo a dziko limene ili. Limenelo liwerengeni mothamanga, makamaka nthawi ya tiyi itayandikira.

Mukalembedwa ntchito, kaya ndi pagalaja yaikulu, pamalo ochekera matabwa a ku Chikangawa kapena pakampani yomanga misewu, yambani ndi zovala. Chipewa cholimba choyera, chovala chonyezimira chija, ndi magambusi. Magambusiwo azikhala pakona muofesi, oyera ngati mbale za alendo, kuti wolowa aliyense aone kuti muno muli munthu woti atafuna akhoza kupita kuseri. Kenaka gulani mabini atatu a mitundu yosiyana, la mapepala, la mapulasitiki ndi la zoola, muwaike pageti pamene amaonekera kumsewu. Madzulo mlonda aziwakhuthulira onse m'dzenje limodzi n'kuyatsa moto. Kusiyanitsa zinyalala kwachitika. Kuzisakanizanso ndi nkhani ya dipatimenti ina.

Koma mtima wa ntchito yanu ndi fayilo. Ikhale yonenepa, yoti poinyamula muzigwira ndi manja awiri. M'menemo muzikhala ndondomeko ya kampani yosainidwa ndi bwana amene sanaiwerenge, mndandanda wa zonse zimene zingawononge chilengedwe, ndi mapepala a maina a antchito amene munawaphunzitsa kagwiridwe ka asidi wa m'mabatire. Anthuwo asaine ndithu, ngakhale magolovesi sanagulidwe. Mnyamata akapsa dzanja, fayilo idzachitira umboni kuti anaphunzitsidwa, ndipo wolakwa adzakhala dzanjalo.

Kampani ikafuna kumanga chinthu chachikulu, lamulo limafuna kuti iyambe yauza a MEPA, ndipo iwo akaona kuti n'kofunika pachitike kafukufuku wa mmene ntchitoyo ikhudzire chilengedwe ndi anthu, uja amati ESIA. Apa mpamene katswiri amadyera. Lipoti lakale la mnzanu likhoza kugwiranso ntchito, bola musinthe maina mosamala. Mudi ndi mtsinje wa ku Blantyre. Ukapezeka ukuyenda pakati pa Chibanja ndi Chibavi patsamba 47, ngakhale wowerenga waulesi adzadzidzimuka. Lamulo limafunanso kumva maganizo a anthu okhudzidwa. Itanani amfumu, mabuloko lida ndi amayi angapo, mugule Fanta ndi mabanzi, muyankhule Chingerezi kwa ola lathunthu, kenaka mufunse ngati pali funso. Gogo wina akaimirira n'kufunsa m'Chitumbuka kuti madzi a kufakitaleko azipita kuti, yankhani kuti "Yewo chomene, agogo, funso lanu talilemba." Lilembenidi. Funso lolembedwa ndi funso losamalidwa.

Phunziro lalikulu pantchitoyi tinapatsidwa ndi jumbo. Mu 2015 boma linaletsa mapulasitiki opyapyala osafika mamaikuloni 60, ndiko kuti opyapyala kuposa tsitsi la anthu ambiri. Opanga mapulasitiki anathamangira kukhoti n'kutenga chiletso. Mu 2019 khoti lalikulu la apilo linagamula kuti lamulolo ndi loyenera. Zitatero kunabweranso ziletso zina, zaka n'kumapita, tomato wa ku Zigwagwa n'kumapitabe kunyumba m'jumbo yemweyo, jumboyo n'kumathera m'ngalande. Wophunzira wanzeru atolapo mfundo: pa zipangizo zonse zotetezera kampani ku mavuto a zachilengedwe, choposa zonse ndi loya. Sefa ya utsi imafuna kusintha, dziwe losungira madzi oipa limadzaza, koma loya amangofuna tsiku lina lakhoti.

Za tsiku la oyendera sindichulutsa, aliyense amene anaphunzira pasukulu ya boma amazidziwa. Sesani, pakani laimu miyala ya m'mbali mwa njira, migolo yodontha isamukire kunyumba kwa dalaivala mpaka mawa. Ikakhala nyengo yodzala mitengo, imene imayamba mu Disembala mpaka Epulo, dzalani mbande makumi asanu pamaso pa alendo. Muzidzala pamalo omwewo chaka chilichonse. Maenje amakhala ofewa kale, ndipo mbuzi za m'deralo zinazolowera.

Pali woyendera mmodzi yekha amene sindinapeze njira yomunyengerera, ndipo a ku Chibanja mumamudziwa kuposa ine. Salemba kalata yodziwitsa, salandira alawansi, ndipo fayilo saitsegula. Mvula ya ku Mzuzu imagwa mpaka Epulo, nthawi imene anzathu a kummwera ayamba kale kukolola. Mu Epulo 2016 inagwetsa nyumba ndi kusamutsa mabanja m'madera angapo a mzinda uno. Mzinda umene kalembera wa 2018 anapeza kuti uli ndi anthu oposa 220,000 umadalira zimbudzi zokumba ndi matanki a pansi, ndipo m'madera otsika, oyandikana ndi dambo, chitsime ndi chimbudzi zimakhala pafupi kuposa mmene eni ake amafunira. Madzi saiwala khwawa. Jumbo uja munati si nkhani yanu amatseka kalavati, oyilo uja munathira kuseri amatulukira pakhomo pa mayi wogulitsa mandasi, atanyezimira mitundu yonse. Kolera ya 2022 mpaka 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo sinafunse aliyense kuti aonetse satifiketi.

Zikafika apo musanjenjemere. Valani chovala chonyezimira chija, imani pamalo okwera, munene mawu awiri: kusintha kwa nyengo. Mawuwa ndi oona, n'chifukwa chake amabisa bwino. Nyengo yasinthadi, koma si nyengo imene inaponya matewera a ana m'kalavati kapena kupereka puloti pakati pa dambo. Mukatero pemphani kuti pakhale maphunziro ena okonzekeretsa anthu ku ngozi zogwa mwadzidzidzi. Satifiketi yanu ija ikhomeni m'mwamba ndithu, kupitirira pamene madzi anafika chaka chatha.

Chenjezo lomaliza ndi la mnzanu wa muofesi. Pafupifupi pakampani iliyonse pamapezeka mmodzi, kawirikawiri mtsikana wongochoka kumene kukoleji, amene anamvetsa maphunzirowa molakwika, ndiko kuti anawakhulupirira. Ameneyu amavaladi magambusi. Amafuna kuti pansi posinthira oyilo pawakidwe simenti ndi kakhoma kotchinga, oyilo wakutha asungidwe m'migolo yotseka n'kulembedwa malita ake, mabatire akale asaswedwe ndi ana ofuna mtovu, madzi otuluka m'paipi ya kuseri apite kukayezedwa miyezi itatu iliyonse. Choipitsitsa, amawerengera mtengo wake n'kupeza kuti ndi wochepa kuposa wa wekishopu ya ku Chintheche, ndipo amanena zimenezi pamsonkhano, bwana ali pomwepo. Musakangane naye, mfundo ali nazo. Muyamikireni pagulu, munene kuti luso lotere lisaonongekere kuseri kwa galaja, ndipo mulembereni kalata yoti apite kukosi ina ya masabata awiri kunyanja. Pokwera basi mumuuze kuti, "Achemwali, pobwera mutigulireko batala wouma."