Ndondocha Ziwiri Zokha pa Munthu

Kuno ku Dublin, Okutobala akangolowa, masamba amayoyoka, dzuwa limaweruka msanga, ndipo anthu amisinkhu yawo, ena a imvi zawo, amayamba kugula mafupa apulasitiki. Ine ndimagulitsa mowa m'bala ina kufupi ndi mtsinje wa Liffey. Lolemba lina bwana wanga anatisonkhanitsa n'kulamula kuti aliyense abweretse nzeru ya chakumwa choopsa choti tidzagulitse pa Halloween, usiku wa pa 31 Okutobala.

Ndinakweza dzanja msangamsanga. Chakumwa choopsa ndikuchidziwa ine: kachasu wamutu, uja woyaka ukamuyandikiza machesi, uja anachititsa atsibweni anga kupepesa mtengo wa mango atauwomba. Bwana anamvetsera bwinobwino kenako anati, "Nanga amaoneka bwanji?" Ndinati ngati madzi. Anagwedeza mutu mondimvera chisoni. Kuno chakumwa choopsa si chimene chingakuphe, koma chimene chikuoneka ngati chapha kale munthu wina.

Choyamba pa mndandanda chinali Zombie. Chimenechi n'chakale ndithu: anachiyambitsa Donn Beach mu 1934 pamalo ake otchedwa Don the Beachcomber ku Hollywood, posakaniza rum wa mitundu itatu ndi timadzi ta zipatso tobisa ukali wake. Mwini wakeyo anaika lamulo loti munthu asapitirire matambula awiri, ndipo ife tinalitengera momwemo.

Mnzanga wa ku Brazil, amene amatsuka matambula mpaka 3 koloko m'bandakucha, anandifunsa ngati kwathu kuli ma zombie. Ndinati alipo, timati ndondocha: munthu amene mfiti yamupha mwamatsenga, n'kumudula lilime kuti asadandaule, n'kumamugwiritsa ntchito usiku wonse popanda malipiro, pamene mwini wake akungolemera. Mnzangayo anasiya kutsuka, anayang'ana manja ake, anayang'ana ofesi ya bwana, n'kunena chapansipansi kuti, "Koma ife lilime anatisiyira."

Bwana atamva dzinalo analikonda. Analilemba ndi choko pabolodi: NDONDOCHA. Makasitomala ankapunthwa pa "nd" woyamba, akadzuka n'kupunthwanso pa wachiwiri. Amene watha kulitchula bwino tinkamupatsa, amene walephera tinkadziwa kuti zake ziwiri zakwana.

Vuto linadza Lamlungu, pamene Amayi anaimba foni kuchokera ku Dedza.

"Mwanawe, ntchito ikuyenda?"

"Ikuyenda, Amayi. Dzulo lokha ndagulitsa ndondocha 40."

Foni inangoti zii. Ndinaganiza kuti netiweki yathawa. Patapita kanthawi ndinamva akuuza mlongo wanga chonong'ona kuti akaitane abusa, ndiponso kuti malata amene ndinatumizira ndalama aja asakhomedwe kaye.

Ndikanasiyira pomwepo, koma ndinati ndiwatsimikizire kuti ntchito yanga ndi yoyera, ndiye mawa lake ndinawaimbira pa vidiyo ndili kukhitchini ya bala. Ndinaiwala zimene zinali patebulo. Tsiku limenelo tinkakonza maso oika m'chakumwa. Umatenga chipatso cha lychee, choyera chonyezimira chija, umalowetsa blueberry pabowo la njere, umadontheza pang'ono madzi ofiira m'mbali mwake kuti pakhale timitsempha. Likamira m'tambula, limakuyang'ana ndithu. Ndinali nditakonza mbale yodzaza, maso ngati 60.

"Iwe, m'mbalemo muli chiyani?"

"Zipatso, Amayi."

"Zipatso zikundiyang'ana?"

Kuti ndiwakhazike mtima pansi, ndinatola limodzi n'kuponya m'kamwa. Imeneyo inali nzeru yoipa kuposa zonse zimene ndinapangapo chibadwire.

Magazi ndi osavuta kupanga: ndi grenadine, manyuchi ofiira amene poyambirira ankachokera ku makangaza. Amawakoka m'majekeseni akuluakulu apulasitiki, kasitomala n'kumafinyira yekha m'tambula kapena m'kamwa. Thireyi ya majekeseni amenewo ndinakana kunyamula. Ine ndikukumbukira 2017, pamene mphekesera za anamapopa zinagwedeza Mulanje, Phalombe ndi Thyolo mpaka anthu osalakwa kuphedwa. Wina akanangondijambula n'kuika pa Facebook, ine nditanyamula magazi m'majekeseni, ndikumwetulira, kumudzi ndikanakatsikira kuti? Ndinauza bwana kuti dzanja likupweteka.

Chimene chinandiseketsa ndekha ndi gin ndi tonic. Bwana anagula nyale zija zofiirira za ultraviolet, anazimitsa magetsi, ndipo matambula onse anayamba kuwala mobiriwira ngati ziphaniphani zakhuta. Anthu anaomba m'manja. Mtsikana wina anandifotokozera mwaulemu kuti chikuwalitsa ndi mankhwala ena amene ali mu tonic, otchedwa kwinini, ngati ndinamvapo. Ngati ndinamvapo! Ine amene ndinagona m'chipatala ndi malungo, makutu akulira ngati muli njuchi chifukwa cha kwinini yemweyo? Kwathu tinkamwa titatsinzina, agogo atatigwira mphuno. Kuno amamuika kagawo ka ndimu n'kulipira mayuro 14, ndipo sadwala n'komwe.

Tinaikanso Corpse Reviver No. 2, tingoti Chodzutsa Mtembo. Chili m'buku la Harry Craddock la mu 1930 la hotela ya Savoy ku London: gin, Cointreau, Lillet ndi madzi a mandimu pamlingo wofanana, ndi kadontho ka absinthe. Mtembo wake ndi munthu wa matsire, woti dzulo anapitirira muyezo ndipo lero akufuna chomuimiritsa. Komabe dzinalo limandivuta. Kwathu mtembo ukadzuka sipakhala woitanitsa tambula yachiwiri. Oyamba kuliyatsa ndi adzukulu, otsatira ndi amayi a kwaya, ndipo mukafika pamsewu mupeza mlaliki ali kale pakabaza.

Za makala ndinachita kukangana nawo. Wina anafuna chakumwa chakuda bii, ndipo anabwera ndi ufa wa makala, uja amati activated charcoal. Poyamba ndinangoseka kuti zapambaula zafika m'tambula. Koma ufa umenewu ndi womwe madokotala amapatsa munthu amene wamwa poizoni, chifukwa umayamwa mankhwala m'mimba, ndipo susankha: ungayamwenso mapiritsi olera, a BP, ngakhale ma ARV. Mzinda wa New York unaletsa kuuika m'zakudya ndi m'zakumwa. Ife tinagwiritsa ntchito utoto wakuda wothira m'makeke, ndipo makasitomala anapita kwawo milomo ili ngati adya nthudza usiku wonse.

Maungu ndiye anandipweteka mtima. Mwambo wa Halloween unachokera konkuno, ku chikondwerero chakale cha Samhain, ndipo akale ankasema nkhope pa turnip, m'bale wake wa tanaposi. Amene anasamukira ku America ndiwo anapeza kuti dzungu ndi lofewa kusema. Bwana anagula maungu 12 akuluakulu, oti kwathu mudzi wonse n'kugona utakhuta. Anawaboola maso ndi mano, zam'kati zonse n'kukhuthulira m'bini. Ine ndinayamba kutola nthanga. Ndinafunsa kumene asiya nkhwani, palibe anandimvetsa. Kenako anandipatsa botolo la pumpkin spice kuti ndithire m'chakumwa cha dzungu, ndipo nditawerenga kumbuyo ndinapeza sinamoni, jinja, nutmeg ndi cloves. Dzungu mulibemo. Dzungu lenileni lili m'bini, la m'botolo ndi dzina chabe, ndipo lotsalalo lakhala pazenera likuseka ndi kandulo m'kamwa.

Usiku wa pa 31 unafika. Bala inadzaza ndi mizukwa, afiti, ndi ma Dracula asanu ndi awiri, poti Bram Stoker amene analemba buku la Dracula mu 1897 anali mwana wa Dublin yemweyu. Dracula wina anavula mano ake n'kuwaika pakauntala kuti amwe bwino, ndipo anawaiwala pomwepo. Tikuwasungabe m'kabati pamodzi ndi maambulera otayika.

Utsi wotuluka m'matambula unali ntchito yanga. Umachokera ku dry ice, mpweya wa carbon dioxide woumitsidwa, wozizira madigiri 78 pansi pa ziro. Malamulo ake ndi atatu: osagwira ndi dzanja, osalola kasitomala kumeza kachidutswa, ndiponso osautsekera m'chinthu chilichonse, chifukwa ukamasanduka mpweya umafuna potulukira. Awiri oyambawo ndinawasunga. Cha m'ma 11 koloko, anthu akukuwa mbali zonse, ndinaponya kachidutswa m'chikho chachitsulo chosakanizira chija, ndinavundikira, n'kutembenuka kukatenga ndimu.

Phuu!

Chivundikiro chinakamenya denga. Mizukwa inagwa chafufumimba. Ma Dracula atatu anapanikizana pansi pa tebulo limodzi, ndipo chigoba china cha mafupa okhaokha chinamveka chikuitana Mariya Woyera. Mwezi wathunthu tikukongoletsa ndi akangaude, zigaza ndi mileme kuti anthu aope, osaopa. Anadzaopa chivundikiro. Bwana anatuluka kuseri kwa kauntala, chipewa chake chaufiti chitapindika, ndipo atatha kundikalipira anafunsa ngati ndingathe kubwerezanso chaka chamawa.

Titatseka, cha m'ma 2 koloko, ndinapeza mayi wina panja atavala zakuda, chipewa chosongoka, tsache m'manja, mvula ikumukwapula. Anali uja anandifunsa madzulo kuti afiti akwathu amakwera tsache lamtundu wanji, ine n'kumuyankha kuti tsache n'losesera pabwalo, athu amakwera lichero, ndipo Lilongwe mpaka Joni amati n'kuphethira kamodzi.

"Mayi, simunapitebe?"

Anandionetsa foni. Taxi yake inali itamukana kachitatu.

Ndinayang'ana tsachelo, ndinayang'ana iye. Ndinabwerera m'kati kukamutengera ambulera m'kabati muja, ndipo poitulutsa mano a Dracula anagwera pansi.