Wapachala Ngwamphepo, Ngakhale ku Fenway Park

Pa 19 Julaye 1978, wochemerera timu ya baseball ya Boston Red Sox ankayenda mapewa ali m'mwamba. Timu yake inali patsogolo m'chigawo cha kum'mawa cha American League, ndipo adani ake akalekale, New York Yankees, anali atatsalira ndi masewero 14. Ku New York nako zinthu zinali zitavunda. Mphunzitsi Billy Martin sankamwerana madzi ndi mwini timu George Steinbrenner, sankamwerananso madzi ndi katswiri wake Reggie Jackson, ndipo pasanathe sabata anatula pansi udindo misozi ili chuchuchu pamaso pa atolankhani. Anthu a ku Boston ankakamba za Okutobala, mwezi wolimbirana chikho, ngati kuti pakalendala palibe Ogasiti ndi Sepitembala.

Makolo athu sanagwirepo ndodo ya baseball, koma nthenda imeneyi anaidziwa kalekale: fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Amene anaonapo agogo akutsina fodya m'kabotolo akudziwa kuti kuchokera pachala kukafika pamphuno si ulendo wofuna kamba. Komabe ngozi zonse zimachitikira pa kamtunda komweko. Mwina kamphepo kawomba, mwina mdzukulu wagunda chigongono, mwinanso agogowo ayamba kaye kusimbira anzawo kukoma kwa fodyayo asanamukoke. Chachitatuchi ndicho chimamaliza masapota a baseball.

Sitingawadzudzule kwambiri, pakuti nyengo yawo ndi yaitali modetsa nkhawa. Mu ligi yaikulu ya ku America ndi Canada muli matimu 30, ogawidwa m'zigawo 6 za matimu asanuasanu, ndipo timu iliyonse imasewera masewero 162, pafupifupi tsiku ndi tsiku, kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka kumapeto kwa Sepitembala. Palibe munthu angakhale miyezi 6 chala chili m'malere, pakamwa ali chete. Ndiye amalankhula, m'mabala, m'sitima, kuofesi, pawailesi.

Pofuna kuti zolankhulazo zizimveka ngati za anthu opita kusukulu, anapekerapo masamu. Pali nambala yosonyeza kuti timu yatsalira ndi masewero angati, ndipo kawirikawiri imakhala ndi theka. Bambo wa ndevu zake amadandaula kuti timu yake ili m'mbuyo ndi masewero atatu ndi theka, chonsecho palibe anagulapo tikiti yokaonera theka la masewero. Thekalo limabwera pamene timu ina yasewera kambiri kuposa inzake, basi. Palinso nambala ina imene iwo amaiyesa ya matsenga: amatenga 163, n'kuchotsapo masewero amene timu yawo yapambana, n'kuchotsaponso amene timu yowatsatira yagonja. Chotsalacho chikafika pa 0, chigawo ndi chawo. Nambalayi imatsika timu yako ikapambana, imatsikanso mdani akagonja, moti mu Sepitembala munthu amalipira tikiti yodula, n'kukhala pampando maso ali pa bolodi losonyeza zochitika mumzinda wina. Ku Fenway Park, bwalo la Boston limene linatsegulidwa mu 1912, manambala a bolodi la pakhoma lobiriwira amasinthidwabe ndi manja. Kachitsulo kamodzi kakasuntha, bwalo lonse limafuula, osewera ali chiimire osachita kanthu.

Tibwerere kwa a mapewa aja. Yankees inatenga Bob Lemon, bambo wofatsa, kukhala mphunzitsi, ndipo inayamba kudya mtunda mwakachetechete. Kuyambira pa 7 mpaka pa 10 Sepitembala inakasewera ku Fenway kanayi ndipo inapambana konse, mapointi onse pamodzi 42 kwa 9. Masewero 14 aja anali atauluka onse. Boston inadzidzimuka mochedwa, inapambana masewero ake 8 omaliza, ndipo tsiku lotsiriza inafunika thandizo la mlendo: Cleveland inagonjetsa Yankees, bolodi la ku Fenway n'kulemba mawu othokoza Rick Waits, woponya mpira wa Cleveland, munthu amene dzulo lake analibe m'bale ku Boston. Matimu awiriwo anathera pamodzi, iliyonse itapambana 99 n'kugonja 63, ndipo malamulo a nthawiyo anati asewere kamodzi kena kuti zidziwike.

Linali Lolemba masana, pa 2 Okutobala. Boston inkatsogola 2 kwa 0 mpaka m'ndime ya 7 mwa ndime 9 za masewero. Fodya anali atayandikira kwambiri moti fungo linkamveka. Kenaka panabwera Bucky Dent, womenya womalizira pamndandanda wa Yankees, amene nyengo yonseyo anali atadutsitsa mpira pampanda kanayi kokha. Poyamba anadzimenya yekha mpira kuphazi, n'kutsimphina, n'kulandira ndodo yobwereka ya mnzake Mickey Rivers. Mike Torrez wa Boston ataponya, Dent anaukweza mpirawo m'mwamba mosaopsa konse, koma unangopitirirabe mpaka kuseri kwa khoma lija, lotalika mamita 11. Mapointi atatu nthawi imodzi. Ambiri mwa amene analipo amasimba kuti mphepo, imene poyamba inkabweza mipira, inali itatembenuka n'kuyamba kuikankhira kunja. Apa mwambi uja sufunanso womasulira. Yankees inapambana 5 kwa 4, Carl Yastrzemski wa Boston atalephera pomaliza anzake awiri akudikira kuti awafikitse kwawo. Dent anamenya ma home run, mipira yodutsa pampanda ngati umenewu, 40 okha pa moyo wake wonse mu ligi yaikulu, koma ku Boston mpaka lero ali ndi dzina lapakati limene makolo ake sanamupatse, ndipo magazini yaulemu wake singalilembe.

Anthu a New York asaseke kwambiri, chifukwa mumzinda womwewo muli timu ina, Mets, imene mphepo inaizolowera ngati pakhomo pa amalume. Pa 12 Sepitembala 2007 inkatsogola ndi masewero 7, kutatsala 17 okha. Mu Januwale chaka chomwecho Jimmy Rollins wa Philadelphia Phillies anali atanena poyera kuti timu yoopsa m'chigawomo ndi yake, ndipo a Mets anamuseka miyezi yonse. Kenaka anagonja 12 mwa 17 aja, Phillies n'kupambana 13. Tsiku lomaliza, ku Shea Stadium, anadalira Tom Glavine, mkulu amene mwezi wa Ogasiti anali atangokwanitsa kupambana masewero 300 pa ntchito yake yoponya. Florida Marlins, timu yakumchira yopanda chilichonse cholimbirana, inamuthira mapointi 7 m'ndime yoyamba, iye atatulutsa womenya mmodzi yekha. Ena mwa oonerera anali akufunafunabe mipando yawo. Atafunsidwa pambuyo pake, Glavine anati wakhumudwa koma sizinamuswe mtima, poti pali zazikulu m'moyo kuposa mpira. Ananena zoona, koma anazinena pa tsiku lolakwika kwa anthu olakwika.

Kumene nkhani zoterezi zimapsera ndi pa WFAN, wailesi ya ku New York imene kuyambira 1987 imakamba zamasewero usana ndi usiku. Oimba foni ake ndi mtundu paokha. Pali amene timu ikapambana kawiri motsatizana amayamba kufunsa njira imene chionetsero cha chikho chidzadutse. Pali amene ikagonja kamodzi mu Meyi amafuna mphunzitsi achotsedwe dzuwa lisanalowe. Chodabwitsa n'chakuti kawirikawiri ameneyu ndi munthu mmodzi yemweyo, anangosintha tsiku. Ndipo zikavuta, aliyense amakhala kuti anaziona kale zikubwera. Mu Julaye panalibe mneneri ngakhale mmodzi, koma pofika pa 1 Okutobala mzinda wonse umadzaza alauli. Mphunzitsi wa Mets, Willie Randolph, anapulumuka chaka chimenecho, n'kudzachotsedwa mu Juni 2008 ali ku California, timu itangopambana kumene, chilengezo n'kutuluka cha m'ma 3 koloko usiku nthawi ya ku New York. Kumapeto kwa nyengo imeneyo Marlins yomweyo inabweranso tsiku lomaliza n'kuitsekera Mets khomo kachiwiri, ndipo anthu anachita kukhalabe m'mipando kuonerera mwambo wotsanzikana ndi Shea Stadium, imene inali kudzagwetsedwa.

Koma si onse amataya fodya chifukwa cholongolola. San Francisco Giants ya 1993 ndiyo yomvetsa chisoni, pakuti palibe chimene inalakwa. Inali ndi Barry Bonds m'chaka chake choyamba kumeneko, inali ndi mphunzitsi watsopano Dusty Baker, ndipo pa 22 Julaye inkatsogola Atlanta Braves ndi masewero 10. Inde, Atlanta, mzinda wa kum'mawa, nthawiyo inkasewera m'chigawo cha kumadzulo. Amene anagawa zigawozo mapu ankawaonera patali. Braves inali itangotenga Fred McGriff kuchokera ku San Diego Padres, ndipo tsiku limene anayamba kusewera, pa 20 Julaye, chipinda cha atolankhani pabwalo la Atlanta chinagwira moto masewero asanayambe. Ozimitsa moto atamaliza, McGriff anamenya home run usiku womwewo. Kuyambira pamenepo Braves inangokhala ngati yaiwala kagonjedwe. Pofika tsiku lomaliza matimu onse awiri anali atapambana 103. Braves inagonjetsa Colorado Rockies, monga inachitira pa masewero onse 13 amene anakumana chaka chimenecho. Giants inapita kwa adani ake a chibadwire, Los Angeles Dodgers, amene analibe chopindula chilichonse kupatula kukoma kwa kuwononga za mnzako, ndipo anaikwapula 12 kwa 1, Mike Piazza atadutsitsa mpira pampanda kawiri. Timu yachiwiri pa ubwino mu ligi yonse inalongedza zikwama n'kupita kwawo, pamene Philadelphia, yopambana 97, inapitirira chifukwa inali m'chigawo china.

Akuluakulu a ligi anali atagwirizana kale zotsegula khomo lakumbuyo. Kuyambira 1995, timu yochita bwino koma yosatenga chigawo inayamba kuloledwa kulowa m'ndime ya chikho. Khomolo lakhala likukula, ndipo kuchokera mu 2022 matimu 12 mwa 30 amalowa. Chaka chomwecho anathetsanso masewero owonjezera aja amene anatchukitsa Bucky Dent. Matimu akafanana, amangoyang'ana m'kaundula kuti pamene ankakumana okhaokha anapambana kambiri ndani. Kwa eni matimu ndi a wailesi zakanema zimenezi ndi ndalama. Kwa wokonda kukangana, ndi kuthira madzi m'ndiwo. Mtima umene unkagunda podziwa kuti wachiwiri akupita kwawo, lero umadziwa kuti wachiwiri angolowera kuseri.

Nawo makompyuta alowererapo. Akatswiri a masamu monga a FanGraphs amaseweretsa m'makina masewero otsala maulendo masauzande ambiri, n'kulengeza m'mawa uliwonse kuti mwayi wa timu yakuti ndi maperesenti akuti. Sapota amadzuka, asanasukusule, n'kuona pafoni kuti fodya wake ali pamphuno ndi maperesenti oposa 90. Otsalawo sawawerenga, ngakhale kuti mphepo imakhala m'menemo.

Ndiye taonani 2022. Pa 1 Juni Mets inkatsogola Braves ndi masewero 10 ndi theka lija. Kumapeto kwa Sepitembala inapita ku Atlanta kukasewera katatu, n'kugonja katatu. Onse anathera pa 101 kwa 61, koma Braves inali itapambana 10 mwa masewero 19 a pakati pawo, ndipo chigawo chinaperekedwa ndi cholembera. Miyezi 6 ya mikangano, ya kusagona, ya kuzimitsirana foni pachibale. Patangotha masiku ochepa Mets inatulutsidwa ndi Padres, ndipo sabata yotsatira Braves nayo inatulutsidwa ndi Phillies, timu ya nambala 3 m'chigawo chomwecho, imene inatsalira ndi masewero 14 ndipo panalibe ankaiwerengera. Ndi iyo inakafika ku World Series, ndime yomaliza ya chikho. Makolo anati wapamphuno ndiye wako, koma sanaganizire za munthu amene wakoka bwinobwino kenaka n'kuyetsemula.

Za 2025 ndiye zinasokoneza mwambi wonse. Kumayambiriro kwa Julaye, Cleveland Guardians inali kumbuyo kwa Detroit Tigers ndi masewero 15 ndi theka, dzenje lakuya kuposa la Yankees ya 1978. Mu Sepitembala Detroit inayamba kugonja ngati yalodzedwa, Cleveland ikupambana pafupifupi tsiku lililonse, ndipo pomaliza Guardians inatenga chigawo chapakati cha American League ndi masewero amodzi okha, 88 kwa 87. Chichitikireni ligi, panalibe timu inatulukapo m'dzenje lotero n'kuthera pamwamba. Ku Cleveland anathirana zakumwa m'chipinda chovalira, masitolo n'kutulutsa zipewa ndi malaya olembedwa kuti akatswiri a chigawo.

Mphotho ya ukatswiriwo inali kulandira alendo pakhomo m'ndime yoyamba ya chikho, ndipo alendowo anali Detroit yomweyo, italowera khomo lakumbuyo. Pa masewero atatu, Tigers inapambana awiri. Sabata yotsatira anthu a ku Cleveland anavala zipewa zawo zatsopano, zogula ndi ndalama zawo, n'kukhala pansi kuonera pa TV Detroit ikusewera ndi Seattle.