Tipu ya Weta pa Sikelo ya Masamu

Ku America weta amadya tipu. Lamulo la dziko lonselo limalola bwana kumulipira $2.13 yokha pa ola, bola tipu ikwaniritse zotsalazo, ndipo ndalamayi sinakwere chiyambire 1991. Ndiye nkhani ya tipu kumeneko siseweretsedwa.

*

Weta aliyense ali ndi maavereji awiri: yaikulu youza chibwenzi, yaing'ono youza a msonkho.

*

Mnyamata wina ku Chicago, atangoyamba ntchito, mpondamatiki anamusiyira $500 patebulo. M'mawa mwake uyo, kukafunsa mtengo wa galimoto.

"Avereji yanga ndi $500," anauza mnzake.

"Mwawerengera masiku angati?"

"Dzulo."

"Achimwene, tsiku limodzi silioza mbewa. Gulani kaye tikiti ya basi."

*

Wina ankadzitama kuti amapeza $100 pa usiku. Mlongo wake wa ku koleji atawerengetsera, panatuluka $97.

"Madola atatu okha angathe kusiyana mwamwayi chabe. Umboni wokutsutsa ndilibe."

"Ndiye wavomera kuti ndimanena zoona!"

"Iyayi. Ndangolephera kukugwira."

*

Bambo wina wa ku New York nayenso ankalumbira pa $100 yomweyo. Mayi a kunyumba, mphunzitsi wa masamu, sanakangane naye.

"Tiyambe taganiza kuti mukunena zoona, bambo. Manambala ndiwo akutsutseni."

Anasankha mwachisawawa masiku 36 n'kulemba zonse zotuluka m'thumba. Avereji inali $88. Tipu inkakwera ndi kutsika ndi pafupifupi $24 tsiku ndi tsiku, koma pa masiku 36 avereji imangosuntha ndi $4, poti 24 timaigawa ndi 6 (6 kuchulukitsa ndi 6 ndiye 36 uja). Apa inali itatsetsereka ndi $12, ndiye kuti $4 ija katatu konse.

"Mukadakhala kuti mumabweretsadi $100, zotere sizikadachitika ngakhale kamodzi pa maulendo 100. Katswiri wa masamu Ronald Fisher ankakhutira ndi kamodzi pa 20. Ndiye mwina mumakokomeza, apo ayi $12 imatsalira ku bala."

"Masamu amenewa anayambitsa ndani?"

"William Gosset, mu 1908. Ankagwira ntchito kofulula mowa wa Guinness ku Dublin, ndipo anadzibisa ndi dzina loti Student."

Bambo aja anagwira mutu.

"Munthu wofulula mowa n'kumaulula makasitomala? N'chifukwa chake anabisa dzina!"