Nzeru zanga zimathera panjira

Mwana wa mlongo wanga, amene akuphunzira sekondale ku Cuamba, wandichotsa ulemu pakhomo panga pomwe. Akuti nyimbo zimene munthu amakonda zimaulula nzeru zake. Anatenga foni yanga, n'kuona zimene ndinathiritsa mu memore pa msika wa Mandimba, n'kupukusa mutu ngati sing'anga amene odwala amufikira mochedwa. "Malume, apa ndiye zavuta."

Akuti mu 1993, pa yunivesite ina ku California, ophunzira 36 anamvetsera nyimbo ya Mozart kwa mphindi 10, ndipo atapatsidwa mayeso ena anakhoza bwino kuposa pamene anangokhala chete. Nkhaniyo inawanda, moti mu 1998 bwanamkubwa wa Georgia, a Zell Miller, anapempha ndalama zoti khanda lililonse lizilandira nyimbo zoterozo. Kuno ku Itepela khanda limalandira dzina, basi.

Ndinamuuza andithirire Mozart wakeyo. Ng'oma mulibe. Ndinadikira kuti woimba ayambe, nyimbo mpaka kutha. Mayi a kunyumba anasuzumira pakhomo: "Bambo a ana, kwagwa zovuta kodi?"

Koma ndinapirira, poti ndinali ndi thumba la nyemba loti ndikagulitse, ndipo mavenda a sikelo amandidyera masuku pamutu chaka ndi chaka. Chimene mnyamata uja sanandiuze msanga n'choti nzeru za Mozart zija, ngakhale kwa azunguwo, sizinkapitirira mphindi 15. Njinga yanga ndi yokalamba. Pofika pa msewu wa Lichinga zinali zitauluka kale. Venda anawerenga makilo monga amachitira, ine n'kuthokoza ndi manja awiri.

Madzulo ndinaganiza zodziteteza. Ndinati ife a ku Niassa tili ndi wathu, a Feliciano dos Santos a gulu la Massukos, amene mu 2008 analandira mphoto ya Goldman ku America chifukwa chophunzitsa anthu za zimbudzi ndi kusamba m'manja kudzera m'nyimbo. Mozart analandirapo mphoto ya chimbudzi? Ine nyimbo za Massukos ndimazidziwa mutu ndi mchira, ndiye wina asanditchule mbuli.

Mayi aja anaika mtsuko pansi. "Mwazivina zaka zingati nyimbozo? Chimbudzi chathu chinagwa ndi mvula ya chaka chatha. Mpaka lero tikupempha kwa aneba."

Zikuoneka kuti kwa ine nyimbo ikalowa m'khutu imatsikira m'chiuno osadzera kumutu. A dos Santos ankalankhula ndi ine zaka zonsezi, ine ndikungoyankha ndi mapazi.

Panopa ndikukumba, a Giddes Chalamanda akundiimbira pafoni pamwamba pa dzenje. Ntchito ikuchedwa pang'ono, chifukwa gitala ikafika pokoma khasu limayamba lapuma. Aneba aja, amene wailesi yawo imangodziwa mpira, ayamba kukhoma loko.