Chulu cha Kuseri kwa Khola

Akuluakulu a kuno kunsi kwa phiri la Mulanje amanena kuti munthu woyenda m'nkhalango zoyandikana ndi Sapitwa, nsonga ija yotalika mamita 3,002, nthawi zina amapeza chakudya chophikaphika chimene mizimu yamkonzera, nthunzi ili tolotolo. Koma mwambo wake ngwakuti adye yekha mwakachetechete, pakuti akangocheuka kuti aitane mnzake, mbale zonse zimazimirira. Ine nkhaniyi ndinkaiyesa nthano ya ana kufikira tsiku limene ndinagula lamya ya m'manja, ndi kuona kuti netiweki ya pakhomo panga, chakuno ku Limbuli, imasunga mwambo womwewo. Ikandipeza ndili ndekha, timizere tonse timadzaza. Koma ndingoti, "Amayi a ana, fulumirani, mwana wathu wa ku Johannesburg ali pa foni," basi yapita ngati mame.

M'chipinda mulibe, pakhonde palibe, ndipo titafunafuna miyezi itatu monga mkazi uja wotaya ndalama yake yasiliva, tinaipeza pamwamba pa chulu cha kuseri kwa khola la mbuzi. Mbiri ya chulucho inawanda msanga, ndipo kuyambira pamenepo ulemu wa m'mudzi mwathu sunakhalenso chimodzimodzi. Kale mlendo ankaima patali ndi kunena odi, ankamuyalira mphasa, nafotokoza malonje asanatchule chimene wadzera. Lero amadutsa pabwalo panga osandipenya n'komwe, dzanja lili m'mwamba ngati mboni yolumbira kubwalo la milandu, maso ali pa kagalasi, napondaponda mbewu za mkazi wanga. Ine ndine mkamwini pamudzi pano, ndipo mwambo umati ndikaona apongozi anga aakazi panjira ndipatuke, koma taonani, Lachiwiri lapitali tinaima pachulu chimodzi, misana itagundana, iwo akukuwa kuti, "Mukundimva kodi?" ine ndikuyankha wina wa ku Blantyre kuti, "Mukudukaduka," ndipo palibe anachita manyazi.

Zinsinsi nazo zinatha. Nkhani zimene makolo ankanong'onezana usiku ana atagona, za ngongole, za pathupi posadziwika mwini wake, za mbeta yokana mwamuna, tsopano zimalalikidwa pachulu dzuwa likuswa mtengo, popeza woimba amakhulupirira kuti netiweki ikafooka mawu ake ndiwo ayenera kukula, kotero kuti amayi othyola tiyi kutsidya amamva zonse, kupatula iye yekha amene akumuimbirayo. Walira mvula walira matope.

Tsono pali masiku ena, makamaka a chiperoni, nkhungu yozizira ija yochokera ku Mozambique ikakuta phiri lonse, pamene foni yanga imandilandira mwaulemu m'Chipwitikizi, kundiyesa mlendo amene waoloka Muloza ndi kulowa ku Milange, chonsecho ndili chikhalire pampando wanga ndi kapu ya tiyi m'manja. Ndipo ulendo umene sindinayendewo amaulipira ndi mayunitsi anga.

Malume anga, munthu wamfupi msinkhu ngati Zakeyu, chulu sichiwakwanira, choncho amakwera mtengo wa mapeyala. Tsiku lina foni yawo italira kamodzi kokha, anavula nsapato, nakwera ndi ukalamba wawo wonse kufikira nthambi yachitatu, naimba ali wefuwefu poganiza kuti mwina ndi uthenga wa maliro. Koma anali mdzukulu wawo amene anangoflasha kuti awapemphe ndalama ya sopo.

Malo amodzi okha m'dera lonse lino ndiwo amene netiweki siisowa, ndiwo m'tchalitchi mwathu. Lamulungu lapitali, mkulu wa mpingo atangotiuza kuti titseke maso tipemphere, nyimbo yovinira inalira mwamphamvu, ndipo tonse tinasuzumira ndi diso limodzi kufuna wochimwayo, kufikira mkulu wa mpingoyo, pemphero lili pakamwa, anapisa dzanja m'thumba la jekete lake.