Mthengo Mudalaka Njoka, Koma Anthu Akupitabe

Mwambi wakuti "kwanu n'kwanu, mthengo mudalaka njoka" umaphunzitsa kuti palibe malo oposa pakhomo. Umboni wake makolo adautenga kwa njoka. Iyo idabadwira kutchire ndipo silipirako lendi, koma kukazizira imapezeka itadzipinda kuseri kwa mtsuko m'nyumba ya munthu. Ngati mwini tchire amathawako, wakudza angalimbe bwanji? Kwa zaka zambiri mwambiwu udalibe wotsutsa. Otsutsa abwera masiku ano, ndipo abwera atabereka zikwama.

Likulu lawo lili ku America. M'dera la Arizona muli chigwa cha Grand Canyon, chimene mtsinje wa Colorado udakumba m'chipululu. M'litali mwake ndi makilomita 446, ndipo pena chimazama kupitirira mamita 1,800. M'nkhalango ya boma ya Kaibab, yomwe idachita malire ndi chigwachi, munthu amaloledwa kukhoma tenti pamalo amene wasankha yekha, kwaulere, mpaka masiku 14, kuti m'mawa azidzuka n'kumaona phompho. Kumeneko kulibe mpopi, kulibe magetsi, kulibe chimbudzi. Wofuna kudzithandiza amakumba kadzenje, ndipo zinyalala amabwerera nazo kwawo. Anthu amakiya nyumba zokhala ndi zonsezi n'kuyendetsa galimoto tsiku lathunthu kuti akazisowe. Munthu wa ku Makata ku Ndirande kapena ku Ntopwa ku Bangwe zimamuvuta kumvetsa, chifukwa iye mpopi wouma ndi magetsi othima zimamupeza ali pakhomo, osawononga ya minibasi.

Blantyre ilibe chipululu, koma mapiri ili nawo okwanira: Ndirande, Soche, Michiru, Bangwe ndi Mpingwe. Ogona m'mapiriwa ambiri ndi opemphera. Amakwera madzulo ndi Baibulo, bulangete ndi chigubu cha madzi, chakudya ayi, popeza amakhala akusala. Aliyense amasankha mwala wake, ndipo lamulo losalembedwa n'lakuti atalikirane, kuti mnzake asamve dzina la wachibale amene akumudandaula kwa Mulungu. Chodabwitsa ndi mitu ya mapempherowo. Wina akupempha ntchito kuti alipire lendi, wina akupempha banja, wina akupempha kapuloti ku Machinjiri kuti asiyane ndi alandilodi amene amagogoda pa 1 mwezi uliwonse tambala asanalire. Kunena kwina, munthu wagona pathanthwe usiku wonse kupempha denga. Pamenepa mwambi sunatsutsidwe. Wangopeza mboni zina.

Phiri nalonso siliona nkhope. Mu June ndi July chiperoni chikafika, nkhungu imaphimba nsonga ndipo kamvula kake kamalowa bulangete mpaka m'mafupa. Phiri la Ndirande lidali ndi nkhalango ya paini, koma mitengoyo idatha m'zaka za m'ma 1990, mwakuti lero wogonako alibe chotchinga mphepo ngakhale nkhuni zoothera. Ku Michiru, kumtunda kwa Chilomoni, kumadziwika ndi afisi, ndipo kulira kwawo kumafupikitsa pemphero lililonse. Akatolika amene amakwera Njira ya Mtanda paphiri lomwelo adasankha bwino: amapita kukuwala n'kutsika kusanade.

Gulu lina ndi la achinyamata okwera mapiri Loweruka, ovala malaya ofanana ndi nsapato zomwe zagulidwa pa kaunjika dzulo lake. Iwowa amati akupita kukapuma kutali ndi phokoso la m'tauni, ndipo amanyamula sipika. Malo okhoma tenti sasankha poona kusalala kwa nthaka koma poona pomwe pakugwira netiweki, chifukwa kugona kutchire popanda anthu a pa Facebook ndi WhatsApp kudziwa n'kuvutika chabe. Chithunzi chimajambulidwa dzuwa likulowa, magetsi a Zingwangwa ndi Limbe akuthwanima m'munsi. Zimene zimachitika pakati pa usiku, linthumbu likalowa m'tenti kapena batire la foni likatha, sizijambulidwa.

Akatswiri enieni a mapiri adagonja kalekale. Paphiri la Mulanje, lomwe nsonga yake ya Sapitwa ili pa mamita 3,002, pali tinyumba togonamo alendo monga ku Chambe, Lichenya ndi Thuchila, tokhala ndi denga, poothera moto ndi mlonda. Ataona kuti mthengo simugoneka, adanyamula nyumba n'kukaziika mthengomo.

Palinso ogona panja osafuna. Mafuta a galimoto atasowa mu 2022, madalaivala a minibasi ndi anyamata a kabaza ankachezera pamizere ya pa filing'i siteshoni, ndipo palibe adajambulitsa chithunzi chosangalala. Chachikulu chidachitika mu March 2023, pamene namondwe wa Freddy adagumula phiri la Soche, matope ndi miyala n'kukokolola nyumba ku Chilobwe. Opulumuka adagona m'makalasi ndi m'matenti kwa masabata ambiri. Kwa anthu amenewa tenti si choseweretsa, ndipo nthabwala za mwambiwu zimathera pomwepo, chifukwa kwawo kobwerera kudalibe.

Kusiyana kwa magulu onsewa kuli m'thumba. Wa ku Arizona, wopemphera ndi wa sipika uja onse amagona pamwala ali ndi kiyi wa nyumba, ndipo n'chifukwa chake amatha kuyamikira nyenyezi. Ngakhale zili choncho, salimbako nthawi yaitali. Wa ku America boma limamupatsa masiku 14. Wa ku Ndirande palibe amamuwerengera masiku, koma Lolemba m'mawa amapezeka pasiteji, atasamba, akukangana ndi kondakitala za chenji.